Chitini cha Mchere pa Tebulo

Mwana wanga wachisamba anafika ku England ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo pofika tsiku lachitatu anali atadziwa kale kuyatsa mbaula ya gasi. Ndinamuphunzitsa ndine. Ndanena poyamba pomwe kuti wina asadzati ndinabisa mbali yanga.

Ine ndi amene ndinatsogola. Ndinali nesi ku Lilongwe, ndinapeza malo pa chipatala china chachikulu ku Birmingham, ndipo patatha chaka ndinaitanitsa bambo a ana ndi mtsikanayo. Tinkachita lendi ku Erdington, m'nyumba zija zogundana khoma ndi khoma, zoti neba akayetsemula umamva ngati ali kuchipinda kwako. Chaka chotsatira ndinabereka kamtsikana kena. Walira mvula walira matope. Kwathu ndinali ndi wantchito, mng'ono wanga ankakhala nafe, apongozi anali pafupi. Kuno kunalibe aliyense, ndipo amayi anga atapempha viza kuti adzandithandize pa uchembere anawakaniza.

Shifti yanga inkayamba seveni m'mawa n'kutha eyiti madzulo. Masiku opuma ndinkakagwira ganyu ku nyumba yosamalirako okalamba kumtunda kwa msewu wathu, chifukwa akumudzi akangomva kuti uli ku UK foni siipuma. Bambo a ana, amene kwathu anali ahedi a sekondale, kuno ankanyamula makatoni ku weyahausi ina, nyumba yosungiramo katundu, cha ku bwalo la ndege. Ankalawirira kwambiri, pofika thu koloko masana ali pakhomo. Kukatenga kamwanako ku nesale sankakana, ankati ndi kuwongola miyendo. Koma akangolowa m'nyumba ankakhala pa mpando n'kumadikira. Chakudya ankachifuna pofika faifi koloko kuti agone msanga, ndipo chotenthetsa mu maikulowevu sankadya, ati chimanunkha pulasitiki.

Nanga wophika akanakhala ndani? Mtsikana wanga ankati akaweruka, chikwama pansi, yunifomu kuvula, mpeni m'manja. Akaphika ankasambitsa mng'ono wake, kumudyetsa, kutsuka mbale, kuchapa, kusita mayunifomu anga. Ine ndinkanyadira. Kutchalitchi chathu ku Lozells azimayi ankadandaula kuti ana awo asanduka azungu, satsuka ngakhale kapu, ukawatuma amakufunsa chifukwa chake. Ine ndinkangomwetulira n'kunena kuti wanga ayi, wanga ndi wa kwathu ku Dowa weniweni.

Tsono pali nkhani ya mchere. Kwao kwa bambo a ana ku Mchinji, ndi kwathu komwe, mkazi akakhala kumwezi kapena akangochira kumene sathira mchere m'ndiwo. Amati akathira amadula anthu a m'nyumba, makamaka mwamuna: kutupa miyendo, kutsokomola, chifuwa, mdulo umenewo. Amaitana mwana wosatha msinkhu kuti adzathire. Ine ndine nesi, ndikudziwa kuti mchere ndi mchere basi. Koma bambo anakula akumva kuti amalume awo anafa nazo zimenezi, ndipo ngakhale anaphunzitsa sayansi zaka zambirimbiri, pamenepa sankafuna zokambirana. Nanenso ndisaname, masiku amenewo dzanja linkandilemera ndikaliyandikitsa ku chitini.

Poyamba zinali zosavuta, wondithirira anali mtsikanayo. Atatha msinkhu mpamene zinavuta, chifukwa mng'ono wake anali asanayambe n'kuyenda komwe. Ndinamukhazika pansi, ndinamulangiza monga anandilangizira azakhali anga, ndipo ndinamuuza kuti masiku amenewo aziitana adadi ake kuti adzathire okha. Iye ankangoima pakhomo la kukhitchini n'kunena kuti, “Adadi, mchere.” Bambo ankadzuka maso ali kumbali, n'kuthira, n'kubwerera ku mpando. Koma mchere suthiridwa kamodzi. Pa nyama, pa mpunga, pa masamba, kenako walawa wachepa. Bambo anatopa ndi kudzukadzuka, komanso tsiku lina anakayikira kuti mwanayo waiwala n'kuthira yekha, ndipo anagona ndi njala. Kutacha anandiuza kuti ndimuuze mwana kuti masiku amenewo asamalowe n'komwe kukhitchini, aziphika okha.

Bambo ndi mwana wake wamkazi sakambirana zoterezi, ndiye anapeza njira yawo. Tsiku likafika, mtsikanayo ankatenga chitini cha mchere m'kabati m'mawa n'kuchiika pakati pa tebulo lodyera. Bambo akabwera kuntchito n'kuchiona, ankadziwa kuti lero kukhitchini n'kwawo. Akatha masiku ake ankachibwezera m'kabati. Palibe amene ankatchula kanthu. Bambo ankaphika mpunga wa phalaphala ndi nkhuku yopserera kunja, yaiwisi m'kati, koma tinkadya, ndipo kutchalitchi nkhani imeneyi sinkatuluka.

Chaka chomaliza cha mtsikanayo kusekondale, mu Febuluwale, kusukulu anatiitana makolo. Ndinasinthana shifti ndi mnzanga wa ku Zambia n'kupita ndekha ndi mwanayo. Mphunzitsi wake wa masamu anali mayi wachikuda wobadwira konkuno, woyankhula modekha kwambiri mpaka kukupsetsa mtima. Anandifotokozera kuti pa mayeso omaliza masamu ali ndi mapepala a mitundu iwiri. Pali ovuta, amene munthu angapeze nawo giredi yapamwamba, ndiye pali osavuta, amene ngakhale ukhoze zonse giredi yake imathera pakatikati. Mwana wanga ankafuna kudzaphunzira za mankhwala, ndipo popanda giredi yapamwamba njira imeneyo inali yotseka. Mphunzitsiyo anati mutu ali nawo, anamuika pa ovutawo, koma ayenera kumakhala nawo pa kalasi yapadera ya akaweruka, Lolemba, Lachitatu ndi Lachinayi mpaka faifi koloko. Vuto linali lakuti amabwera sabata imodzi n'kusowa masabata atatu, mwezi ndi mwezi. Akapitiriza choncho mpaka pakati pa Malichi amutsitsira ku osavuta. Ine ndi unesi wanga wonse sindinagwire n'komwe kuti sabata imodzi pa mwezi ikutanthauza chiyani.

Kenako mphunzitsiyo anafunsa kuti kodi mwanayo akaweruka amachita chiyani. Mwana anayang'ana pansi. Ndinayankha ndine, chifuwa chili patsogolo, ndinatchula zonse mpaka kusita komwe. Mayiyo analemba kanthu pa pepala, n'kunena kuti mwana wotere, wosamalira a m'nyumba mwawo, kuno amamutcha “young carer”, ndipo pali thandizo limene banja lingapemphe.

Aa, koma abale! Ndinamuuza kuti kera, wosamalira anthu, ndine, amene ndimasintha matewera a azigogo a eni ake dziko Loweruka lililonse. Mwana wanga sakusamalira wodwala, akungokula. Ndinati ine pa msinkhu wake ndinkasinja, kutunga madzi, kubereka mwana kumbuyo, koma ndinakhoza mayeso, si uyu ndili pano? Mayiyo anangomvetsera, n'kunena kuti akumvetsa, koma pakati pa Malichi ndi pakati pa Malichi. Pa basi pobwerera ndinakalipira mwana kuti wandichititsa manyazi pokhala chete ngati wozunzidwa. Tikutsika mpamene ndinakumbukira kuti miyezi ingapo m'mbuyomo kuntchito anationetsa kanema wa ana otere, kuti tiziwazindikira akabwera ndi makolo awo kuchipatala, ndipo ine ndinagwedeza mutu ndi chisoni kuposa onse m'chipindamo. Kodi ndi zofanana? Uja wa mu kanema amayi ake anali pa njinga ya olumala. Ine ndinali ndi miyendo yanga iwiri, bambo akenso chimodzimodzi.

Loweruka masana, nditachokera ku ganyu, ndinayesa kuyankhula ndi bambo. Ndinayamba ndi kuzungulira, za kuzizira, za sukulu za kuno, mpaka ndinafika pa kalasi ija. Anafunsa kuti ndiye ndikufuna azidya nthawi yanji. Ndinati mwina masiku atatu amenewo angamaphike monga amachitira masiku ena aja. Anatsitsa nyuzipepala.

“Amayi, choko ndinasiya, ofesi ndinasiya. Mu pasipoti yanga anadinda kuti ndine wodalira inu. Tsopano mukufuna ndimangirenso chitenje?”

Ndinkadziwa kuti kutchalitchi anyamata ophunzira ku yunivesite amawatcha anthu ngati iwo “amuna a manesi”, kumbali, koma zimamveka. Masiku ena aja anali ndi chifukwa chophikira, ankadziteteza ku mdulo. Kuphika popanda chifukwa chimenecho kwa iwo kunali kugonja. Ndinawamvera chisoni, ndinakwiyanso nawo, zonse pamodzi, ndipo sindinadziwe kuti chachikulu n'chiti. Ndiye ndinachita chimene chinali chosavuta. Ndinakwera kuchipinda kwa mwana n'kumuuza kuti aziyesetsa. Anandifunsa m'Chingerezi kuti ayesetse bwanji, akhale malo awiri nthawi imodzi? Ndinati asandiyankhe ngati mnzake, n'kutseka chitseko.

Pakati pa Malichi panafika n'kudutsa, kalata yochokera kusukulu yoti amutsitsa sinabwere. Ndinati Mulungu wayankha, mwina mphunzitsi uja wafewa mtima. Sindinafunse. Ndinkachoka m'mawa aliyense ali m'tulo kapena atapita kale, ndikabwera ndinkapeza mbale yanga yovundikira, ndinkadya chiimirire kukhitchini. Ndinaona kuti mafuta akuchuluka m'ndiwo, kenako ndinaona kuti nkhuku yayamba kupsa bwino, koma munthu wotopa salawa, amangomeza.

Lamlungu lina tikuchokera kutchalitchi, ana ali patsogolo, bambo anachepetsa mayendedwe. Anatsokomola kawiri. Anati sakufuna kulowerera za azimayi, koma chitini chija chili pa tebulo sabata yachinayi tsopano, ndipo mwina ine monga nesi ndionepo.

Sabata yachinayi! M'mutu mwanga munadutsa mawodi onse amene ndinagwiramo ntchito. Kutha magazi, chotupa, matenda a magazi osaundana. Kenako linabwera ganizo limene mayi aliyense amalidziwa: mnyamata, mimba, padera, mwina wamwa zinazake kuti aichotse. Titangolowa m'nyumba ndinamukokera ku bafa, ndinamutsegula zikope, ndinayang'ana zikhatho ndi lilime. Zonse zinali zofiira bwinobwino, mwana wathanzi kuposa ine. Zimenezo m'malo mondikhazika mtima pansi zinandisokoneza kwambiri. Ndinamufunsa kuti akutaya ochuluka bwanji, anati ali bwino. M'mimba mukupweteka? Ali bwino. Pali mnyamata? Anandiyang'ana ngati ndapenga. Ndinakalipa monong'ona kuti bambo ake asamve, ndinatchula agogo ake, ndinatchula ndege imene inamubweretsa, ndinati ngati wabwera kuno kudzandivula ndimubweza ku Dowa akalime fodya. Iye misozi ili mbwembwembwe ankangobwereza kuti ali bwino.

Lolemba m'mawa ndinaimba kuntchito kuti ndichedwa, n'kupita naye kwa dokotala wa m'dera lathu. Anali mayi wachimwenye, wachichepere. Ndinafotokoza ndine, ndi mawu onse a kuchipatala, ndinatchulanso ndi magazi amene ayenera kuyezedwa. Anamvetsera, kenako anandipempha mwaulemu kuti ndidikire panja, akufuna kuyankhula ndi mwana payekha. Ine? Nesi wa zaka makumi awiri pa ntchito, mayi wake womubereka? Ndinatuluka, koma chitseko ndinachitseka mwamphamvu ndithu. Ndinakhala pa mpando wa pulasitiki moyang'anizana ndi chithunzi cha mayi woyamwitsa, n'kumawerengera kuti ngati ndi mimba inalowa liti, ndipo ndidzawauza chiyani azimayi a ku Lozells amene ndinkawanyadira aja. Ndikuchita manyazi kunena, koma ndinaganiza za iwowo ndisanaganize za mayeso.

Atandiitananso, dokotalayo anati mwana alibe vuto lililonse, palibe choyeza, koma ali ndi mawu oti andiuze ndipo ndi bwino ndimumvetsere mpaka amalize. Nkhope yake inkaoneka ngati ya munthu amene wauzidwa zinthu zimene sanaziphunzire kusukulu.

Mwanayo sanandiuze m'menemo. Tinayenda mpaka pamalo odikirira basi pa msewu waukulu wa Erdington. Panali agogo awiri achizungu ndi zikwama zawo zokoka. Mwana amene kwa zaka zitatu ankandiyankha m'Chingerezi chokhachokha anayankhula Chichewa, kuti iwowo asamve.

“Amami, sindikudwala. Chitini chija ndimangochisiya dala. Chikakhala pa tebulo adadi amaphika, ine ndimatsala ku masamu.”

Ndisanayankhe anapitiriza.

“Inu ndinakufunsani, munati ndiyesetse. Adadi sindingawafunse. M'nyumba muja chimene chimamveka ndi mchere wokha.”

Dzanja linanyamuka lokha kuti ndimuwombe mbama, linathera m'malere chifukwa agogo aja ankayang'ana. Kenako kunabwera kuseka, kochokera m'mimba, ndinakubweza ndi chikhatho. Kenako mantha, chifukwa kwathu munthu sanamizira zinthu zoterezi, amati ukudziitanira. Ndinayamba kumuuza zimenezo, ndinalekera pakati, poti ndinadzimva ndekha: nesi, ndaima pa msewu wa ku England, ndikuopseza mwana ndi zimene ndimati sindikhulupirira. Ndinamufunsa ngati mphunzitsi uja anamusiya pa mapepala ovuta. Anati eya, chiyambire sabata yoyamba ya Malichi sanajombe ngakhale tsiku limodzi, ndipo pa mayeso oyeserera anali wachiwiri. Sanandiuze poopa kuti ndifunsa kuti zatheka bwanji.

Basi inabwera, tinaisiya. Ndinakhala pa kabenchi kopendekeka kaja n'kumadzifunsa kuti wolakwa ndani. Mwana wanama, ndipo wanamiza bambo ake, pa nkhani yoti munthu sanama. Koma bodza lakelo linachita m'masabata anayi chimene ine ndinalephera ndi pakamwa panga pa zaka zonse za ukwati. Ndipo ine, zaka zonsezo ndikubwera kuntchito miyendo itatupa n'kuyamba kusenda anyezi, bwanji sindinaganizeko nzeru imeneyi? Ndinapsa mtima ndi iye, ndi bambo ake, ndi azakhali amene anandilangiza, ndi mphunzitsi uja chifukwa ankanena zoona. Woti ndimukalipire sanapezeke, aliyense ndikamuyandikira ndinkapeza kuti ndaima kumbuyo kwake ndine.

Anandifunsa ngati ndikawauze adadi ake. Ndinati sindikudziwa. Sikunali kumuopseza, sindinkadziwadi. Ndikanena zoona, bambo adzamva kuti mwana wawo wawapusitsa ngati kamwana, chitini chidzabwerera m'kabati, kalasi idzatha, ndipo mwina ngakhale masiku enieniwo sadzamukhulupiriranso. Ndikanama, ndiye kuti ine mayi wa mvano ndalowa m'bodza la mwana, ndipo ndikumuphunzitsa kuti m'banja mkazi amapeza mpumulo podwala basi. Ndinamukweza basi ya kusukulu. Kuntchito ndinaimbanso kuti sindibwera, ndinazungulira m'masitolo osagula kanthu mpaka madzulo.

Ndinafika pakhomo cha m'ma folo koloko, nthawi imene sindinkapezeka pakhomo pakati pa sabata. Kamwana kanali pansi kakujambula. Bambo anali kukhitchini, manja a shati atapinda, kansalu kopukutira mbale kali paphewa, akudula tomato. Ndinaima pakhomo n'kumawaonerera. Ankadula bwino, mofulumira, ndipo anyezi anali atakazinga kale osapsereza. Sananditembenukire. Anafunsa kuti adokotala ati bwanji.

Mpaka pamenepo ndinali ndisanasankhe. Pakamwa panasankha pokha.

“Akuti palibe choopsa. Zimachitika kwa atsikana ena. Koma zitenga nthawi, mwina mpaka Juni.”

Mpeni unaima pang'ono, kenako unapitiriza. Anathira tomato mu poto, anatakasa, anachepetsa moto.

“Juni wake uti? Masamu akumaliza sabata yoyamba, koma sayansi ili mpaka pakati pa mwezi.”

Ine za mayeso ndinali ndisanatchule. Ndinayang'ana kumene analoza ndi mthiko, pa chitseko cha filiji panali pepala la ndondomeko ya mayeso, lomata ndi tepi, masiku ena atazunguliridwa ndi cholembera chofiira, mazunguliridwe a mphunzitsi. Filiji imeneyo ndinkaitsegula tsiku lililonse. Sindinkadziwa tsiku ngakhale limodzi la mayeso a mwana wanga.

Mpaka lero sindidziwa ngati anazindikira nthawi yomweyo kuchokera pa bodza langa, kapena ankadziwa kale ndipo Lamlungu lija ankangofuna kuti nanenso ndidzuke. Sindinawafunsepo, iwonso sananenepo.

“Mpaka sayansi,” ndinatero.

Anagwedeza mutu, n'kundiuza kuti ngati ndilibe chochita ndikasambitse mwana, madzi atentha kale.